Thukuta Lomwe Tinalisiya Kunyanja

Kunyanja kulibe munthu amene amapatula nthawi yolimbitsa thupi. Ntchito yomweyo ndiyo imamulimbitsa. Mnyamata amene wapalasa bwato usiku wonse kulondola usipa, mayi amene wasenza dengu la utaka kuchokera padoko mpaka pathandala, bambo amene wakoka khoka mumchenga kapena kuswa mphanje m'munda wa chinangwa, onsewa pofika pamphasa amakhala atabweza kale ngongole ya thupi lawo. Ife amene tinakulira ku Makanjira, ku Malindi, ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota n'kudzakhazikika muno mu Ndirande tinanyamula zambiri pobwera: chilankhulo, chipembedzo, ngakhale nkhuli ya nsomba. Koma thukuta lija tinalisiya komweko, ndipo thupi silinachedwe kutikumbutsa.

Tinene poyera kuti Ndirande si mudzi wa alesi. Kusanache, misewu yotsika kuchokera ku Goliyo, ku Malabada ndi kwa Chinseu imakhala itadzaza kale ndi anthu olowera kumafakitale a ku Makata, ku Ginnery Corner ndi m'tauni, ambiri a iwo wapansi poti ya minibasi inasanduka ya ndiwo. Alipo onyamula katundu mumsika, oswa miyala m'mphepete mwa phiri, amayi osenza makala. Amenewo safuna mlangizi wa masewera olimbitsa thupi; chimene akusowa ndi chakudya chokwanira ndi mpumulo. Nkhani ino ndi ya ife ena amene mzinda unatipatsa mpando: atelala, ogulitsa m'mashopu ndi m'maokala, oyendetsa minibasi, alembi a m'maofesi, amayi okhala pabenchi ya tomato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ntchito zathu zimatopetsa mutu ndi msana, koma miyendo imangolendewera tsiku lonse.

Mpando uli ndi mtengo wake. Nsima imakhala ya muyeso wa msodzi pomwe ntchito ndi ya munthu wokhala pansi. M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi, masana tchipisi cha pachiwaya chothiridwa mchere wochuluka, ndipo ulendo uliwonse, ngakhale wongokafika kumsika, ndi wa pakabaza. Mimba ikayamba kutsogola, achibale akumudzi amayamikira kuti m'tauni mwatiyanja. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'dziko muno m'chaka cha 2009 mogwirizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa n'komwe. Nthendayi siliza belu. Imadya mitsempha, impso ndi mtima mwakachetechete, mpaka tsiku limene munthu agwa mwadzidzidzi. Tonse taperekezapo maliro a anthu a msinkhu wathu pamsewu wa Zomba, kudutsa pa Liwonde kulowera ku Mangochi, achibale akungoti, "Dzulo lomweli anali bwinobwino."

Chimene chinatidzutsa ife, kagulu ka amuna opemphera mzikiti umodzi, si chiwerengero cha akafukufuku. Ndi mipando. Kumapeto kwa mzere kunkakhala mpando umodzi wa mkulu wina wokalamba kwambiri. Patapita zaka zochepa mipando inachuluka, ndipo okhalapo anali anthu osafika zaka 60, amene mawondo ndi kulemera kwa thupi zinawaletsa kufika pasijida. Kenako mnzathu wina, telala waluso, anagwa pamakina ake masana dzuwa likuswa mtengo. Anapulumuka, koma dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zinafa, ndipo banja lake linabwerera kumudzi ana atasiyira sukulu panjira. Matenda ndi imfa zili m'manja mwa Allah, zimenezo sititsutsa. Koma thupi ndi chinthu chimene tinasungitsidwa, ndipo wosungitsidwa katundu amayenera kumusamala.

Funso linali lakuti tiyambire pati. Munthu amene wakhala zaka 15 pampando akaganiza zolimbitsa thupi, m'mutu mwake mumabwera osewera a Bullets akuthamanga pa Kamuzu Stadium, ndipo mtima umagwa asanayambe. Ena amayamba ndi ukali, kuthamanga mtunda wautali tsiku loyamba, n'kugona masiku atatu miyendo ili gwa, osadzabwererakonso. Ife tinagwirizana zinthu ziwiri zokha. Choyamba, tiyambe ndi zochepa kwambiri moti palibe angapeze chifukwa chokanira. Chachiwiri, chizolowezi chatsopanochi tichimangirire pa chizolowezi chakale chimene sichisuntha. M'moyo wathu chosasuntha ndi Swala ya Fajr. Pa nthawi imeneyo timakhala titadzuka kale, tatuluka kale m'nyumba, takumana kale, ndipo kasitomala sanabwere. Chotsala n'kungosintha njira yobwererera kunyumba.

Mlungu woyamba tinkayenda mphindi 10 zokha, masiku atatu. Mlungu uliwonse tinkawonjezera mphindi 5, ndipo pofika mlungu wachisanu tinali pa mphindi 30. Kenako tinawonjezera masiku mpaka anakwana asanu. Muyeso umenewu si wongopeka. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, komanso azichita zolimbitsa minofu kawiri pa mlungu. Kuti tidziwe ngati liwiro lakwana sitifuna makina. Ngati ukutha kucheza ndi mnzako koma mpweya sukukulola kuyimba, ndiye kuti wafikapo. Ngati ukulephera kumaliza chiganizo, chepetsa. Ngati ukuyenda ngati wopita kukaona chinkhoswe, onjezera.

Ndirande ali ndi mphunzitsi wake waulere, ndiye chitunda. Mudziwu unamangidwa m'tsinde mwa phiri, ndipo palibe njira imene simakwera kapena kutsika. Ife obadwira m'chigwa cha nyanja, chomwe chili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, tinapeza kuti Blantyre, amene ali pamwamba kuwirikiza kawiri, amafuna mapapo ena. Masiku oyamba tinkasankha njira zopingasa phiri, zosakwera kwambiri. Pambuyo pake tinayamba kulunjika kumtunda, kumene nyumba zimathera ndipo mzinda wonse umaoneka pansi magetsi akuzima limodzilimodzi. Tinaphunzira kuti kukwera kumalimbitsa mtima pomwe kutsika ndiko kumapweteka mawondo, choncho potsika timaponda mofupikitsa, osathamanga. Tinaphunziranso kuti nsapato ya pakaunjika yokhala ndi chidendene chofewa imaposa patapata, ndi kuti kuwawa kwa minofu kwa masiku awiri kapena atatu oyamba si matenda. Kumatha kokha munthu akapitiriza kuyenda pang'onopang'ono.

Chitunda chovuta kwambiri si cha phiri, koma cha malilime a anthu. Kwathu kuno munthu wamkulu woyenda mofulumira popanda katundu kumutu amafunsidwa chimene akuthawa. Woyenda wapansi pomwe ali ndi ya minibasi amanenedwa kuti geni yagwa. Choopsa koposa, munthu akayamba kuchepa thupi, manong'onong'o amayamba akuti akudwala, ndipo tonse tikudziwa matenda amene amatanthauzidwa. Mantha amenewa asunga anthu ambiri pampando. Mankhwala ake tinawapeza m'gulu. Munthu mmodzi akamayenda yekha m'bandakucha ndi wamisala. Akakhala asanu ndi awiri, ena atavala mikanjo yawo, anthu amayamba kufunsa ngati angalowe nawo.

Gulu lili ndi ntchito inanso. M'bandakucha wa Ndirande uli ndi agalu ake ndi akuba ake, ndipo kuyenda awiri si mantha. Komanso ulesi umagonja msanga ukadziwa kuti pali wina amene akudikira pakhomo la mzikiti. Lamulo lathu n'lakuti liwiro la gulu ndi la munthu wochedwa kwambiri, pakuti akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Lamulo lina n'lakuti kujomba tsiku limodzi si mlandu, koma wojomba kawiri motsatizana timakamugogodera. Miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri ndipo mawawa akugwa, ndiyo imayesa mitima. Nthawi ya dzinja njira zimaterera ndipo mtsinje wa Nasolo umadzaza. Masiku oterowo sitikakamira panja. Timachitira m'nyumba kapena pakhonde, pakuti chofunika n'chakuti chingwe cha chizolowezi chisaduke.

Za minofu tinaphunzira kwa anyamata. M'makwalala a Ndirande muli timalo tambiri kumene achinyamata amanyamula zitsulo zopanga okha, simenti yowumitsidwa m'zitini ziwiri zolumikizidwa ndi mpaipi. Ife sitifuna zifuwa zawo. Tikufuna miyendo yotha kutidzutsa pansi popanda kugwira khoma. Choncho kawiri pa mlungu timakhala pampando ndi kudzuka maulendo 10 osagwira paliponse, kupuma, n'kubwerezanso. Timakankha khoma ndi manja ngati tikufuna kuligwetsa. Timanyamula zigubu za madzi za malita 5, chimodzi dzanja lililonse, podziwa kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Palibe tambala imene imatuluka m'thumba.

Amayi athu ndi alongo athu ali ndi zopinga zawozawo. M'mawa ndi nthawi ya phala la ana ndi madzi osamba, ndipo ena amaopa kuti kulimbitsa thupi kumafuna zovala zosayenera. Sichoncho ayi. Hijabu ndi chitenje sizinaletsepo mayi wa kunyanja kuyenda mtunda wautali ndi mtolo wa nkhuni. Amayi a m'dera lathu anasankha nthawi yawo, pambuyo pa Swala ya Asr, ndipo amayenda m'gulu kapena kusewera mpira wamanja pabwalo la sukulu ana ataweruka. Ena amadumpha chingwe kuseri kwa mpanda. Mbiri ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, imatiuza kuti anapikisanapo liwiro ndi mkazi wake Aisha. Mwamuna amene amakonda banja lake asamangopereka chilolezo. Atsale ndi ana kwa theka la ola kuti mayi nawonso apeze mpata.

Mwezi wa Ramadhan umasintha ndondomeko koma suyimitsa. Kutuluka thukuta m'mawa pomwe madzi udzamwa dzuwa litalowa si nzeru, makamaka kusala kukagwera m'nyengo yotentha. M'mwezi umenewu timayenda mofatsa patatsala pang'ono kuti tifuturu, kapena timasankha mzikiti wakutali pa Swala ya Tarawehe n'kupita wapansi. Amene ali pamankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi ayenera kukambirana ndi achipatala mwezi usanayambe, chifukwa kusala, mankhwala ndi kuyenda zikaphatikizana shuga akhoza kutsika mopitirira muyeso.

Chenjezo limeneli ndi la miyezi yonse. Munthu amene wapitirira zaka 40, kapena wonenepa kwambiri, kapena amene m'banja mwawo muli matenda a mtima ndi shuga, ayambe wakayezetsa kuchipatala chapafupi. Kuyeza kuthamanga kwa magazi sikutenga mphindi zisanu. Ndipo aliyense akamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro lake, ayime pomwepo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko si kufooka kwa chikhulupiriro kapena kwa umuna.

Sitinganene kuti tinasanduka anyamata. Ena mwa ife mimba zikadalipo, ndipo amene anali pamankhwala akumwabe, pakuti kuyenda kumathandiza mankhwala, sikuwalowa m'malo. Koma tulo tikugona tabwino. Chitunda chimene chinkatiyimitsa katatu tsopano timachikwera tikukambirana za mtengo wa chimanga. Mmodzi mwa ife anabweza mpando wake kunyumba ndipo akugwetsanso mphumi pansi pamodzi ndi anzake. Wina, amene wakhala akusunga ndalama za Haji kwa zaka zambiri, anatikumbutsa kuti kuyenda kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwa kokha ndi mtunda wa pafupifupi makilomita atatu, osawerengera kuzungulira Kaaba ndi maulendo a ku Mina. Ambiri timasunga ndalama za ulendowo n'kuyiwala kusunga miyendo yokayendera.

Abale athu a kunyanja, musaone ngati nkhaniyi ndi ya m'tauni mokha. Mpando umene unatipeza ku Ndirande ukubwera kwanuko. Injini yalowa m'malo mwa nkhafi, chigayo chalowa m'malo mwa mtondo, njinga yamoto ikukafika mpaka pakhomo la madrasa, ndipo mwini boti masiku ano amakhala pamthunzi ndi foni kudikira alovi ake. Zonsezi ndi zabwino ndipo palibe akufuna kubwerera m'mbuyo. Koma ntchito imene makina atilanda, thupi likuifunabe. Inu muli ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja, umene umalimbitsa miyendo kuposa msewu wa tala, ndipo muli ndi m'mawa wozizira bwino dzuwa lisanakwere. Mawa mukatuluka mumzikiti, itanani mnzanu mmodzi, mutenge njira yaitali yobwererera kunyumba. Mphindi 10 zakwana poyambira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.