Satifiketi yoyamba ndinaigula ndi tchuthi changa

Kuwotcherera zitsulo ndinaphunzira kwa malume anga ku Kawale, pansi pa mtengo wa mango, kalekale ndisanalembedwe ntchito pa kampani ina ku Kanengo. Manja ankaidziwa ntchito, koma pepala ndinalibe. Anyamata ochokera ku Lilongwe Technical College ankabwera, ine n'kuwaonetsa kagwiridwe ka rodi, posakhalitsa iwo omwewo n'kukhala mafolomani anga. Pa malipiro ndiye osanena. Usiku tulo sitinkabwera.

Nditaganiza zokalemba mayeso a trade test, ndinakapempha tchuthi cha maphunziro kwa abwana oona za antchito. Sanachedwe kuyankha: "Bambo, zimenezo n'za a m'boma. Kuno mukachoka, tsikulo sitikulipirani." Ndinatuluka nditapsa mtima, koma sankanama. Employment Act, lamulo la ntchito la 2000, limatchula tchuthi cha pachaka, cha odwala ndi cha uchembere. Za wantchito wofuna kuphunzira lili chete.

Chomwe lamulolo linandipatsa ndi masiku 18 a tchuthi cha pachaka, poti timagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Masikuwo tinali titawasungira kukolola chimanga kumudzi ku Dedza. Mayi a kunyumba anangoti, "Pitani, chimanga ndikaona ndekha," ndipo anapitadi, mwana ali kumsana. Ine ndinatsala ndi mabuku obwereka. Zitsulo sizinandivute, chinanditulutsa thukuta ndi masamu ndi kuwerenga mapulani, munthu woti sukulu ndinalekeza Fomu 2. Mulungu anandigwira dzanja, mayeso oyamba, a Grade 3, ndinakhoza.

Grade 2 itayandikira, tchuthi chinali chitatha. Apa ndi pomwe mkulu wina wa yuniyoni anatitsegula maso: makampani amapereka ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito, ndipo ndalamazo n'zophunzitsira anthu ntchito zamanja. Ndalama zowerengedwa pa malipiro athu, koma ife eni ake osapatsidwa nthawi yophunzira! Mpaka lero ndimaona kuti apa boma linamanga nyumba n'kuiwala khomo.

Ulendo uno sindinapite ndekha kwa abwana. Tinasonkhana amisiri tonse opanda mapepala, a yuniyoni akutitsogolera. Zokambirana zinatenga nthawi, mawu ena owawa anatuluka, koma tinagwirizana: masiku a mayeso ndi okonzekera azilipiridwa, ndipo wokhoza asayine kuti sachoka pa kampani msanga. Ndinasayina mosanyinyirika.

Lero ndili ndi Grade 1, ndipo ndine folomani. Chaka chino anyamata a m'gulu langa akukalemba Grade 3 malipiro awo osadulidwa. Koma mgwirizano wathu uli m'fayilo ya kampani basi, m'lamulo mulibe, ndipo abwana amene anausayina akupuma ntchito mu Disembala. A yuniyoni apempha kale msonkhano ndi amene adzalowe m'malo mwawo.