Lozani ndi Chala Chimodzi

Ntchito yanga imayamba wodwala asanakhale n'komwe pampando. Ndikaitana dzina, maso anga sakhala pa kabuku ka kuchipatala ayi. Amakhala pa munthuyo, mmene akunyamukira pa benchi ndi mmene akuponyera mapazi kuchoka pakhomo kudzafika pamene ndili. Wina amafulumira kuchotsa phazi pansi mbali yowawayo. Wina akaponda mwendo wodwalawo thupi lonse limapendekera komweko. Winanso amabwera chowerama, dzanja lili pa bondo. Ndine wa mafizo, ndipo mwa odwala onse amene amatumizidwa kwa ine, odandaula za m'chiuno ndiwo amafuna kudekha kwambiri.

"Chiuno ichi, adokotala, chandisowetsa mtendere." Pafupifupi aliyense amayamba choncho, uku dzanja likuzungulira kuyambira kumsana mpaka pantchafu. Ine ndimati, "Pepani Amayi, lozani ndi chala chimodzi pamene pamawawa kwambiri." Chikaloza m'mphechepeche, ndimaganizira nyung'unyu yeniyeniyo, pamene fupa la ntchafu limalowa m'fupa la chiuno. Chikaloza panja, pa kafupa kotumphuka kamene timagonera tikagona chammbali, kawirikawiri vuto limakhala pa mitsempha imene imamangirira minofu ya thako ku fupalo. Chikaloza kumbuyo, ululu n'kumatsika ndi mwendo kupyola bondo, phazi likuchita dzanzi, gwero lake ndi msana, ndipo nyung'unyu ilibe mlandu.

Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira, ndipo umakhala m'dzenje lake monga munsi mumtondo, kungoti pakati pake pali kachikuto koterera koletsa mafupa kukhulana. Katundu amene malowa amasenza ndi wodabwitsa. Munthu akaima ndi mwendo umodzi, zimene tonsefe timachita nthawi iliyonse tikaponya phazi, nyung'unyu imapanikizika ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thupi lake kawiri ndi theka kapena katatu. Yambiri mwa mphamvu imeneyo imachokera ku minofu ya m'mbali mwa thako, makamaka umene m'mabuku timautcha gluteus medius, umene umakoka kuti chiuno chisagwere mbali inayo. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza chizindikiro chake mu 1895, ndipo mpaka lero timayeza choncho: wodwala amaima ndi mwendo umodzi, ine ndili kumbuyo kwake, manja ali pa mafupa a chiuno. Mbali ya mwendo umene uli m'malere ikatsika, ndadziwa kuti mnofu wa mbali imene wapondayo wafooka.

Amene ndimakumana nawo kwambiri ndi amayi a zaka zapakati pa 40 ndi 60, a ululu wa panja uja. Nkhani yawo imafanana. Usiku sagonera mbali imeneyo. Akagonera mbali inayo, mwendo wapamwamba umagwera kutsogolo n'kuyambanso kuwawa. Chitunda ndi masitepe amachita kuziyang'ana kaye asanakwere. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza kuti pamsika amaima tsiku lonse mdzukulu ali m'chiuno. Ndinawapempha kuti aime mmene amaimira pogulitsa. Anatulutsira chiuno kumbali, thupi lonse n'kulikoleka pa mwendo umodzi, bondo lili gwa. Nditadina pa kafupa kaja ndi chala chachikulu, anadzidzimuka n'kundigwira dzanja. Kuima ndi mwendo umenewo sanafikitse ngakhale theka la mphindi. Kaimidwe kotere kamakanikizira mtsempha ku fupa. Chimodzimodzi kusanjikiza miyendo pampando, ndiponso kukhala pansi miyendo yonse itapindidwira mbali imodzi, mmene amayi amakhalira pa maliro kwa maola ambiri. Mtsempha wotopa kale ukamakanikizidwa usana ndi usiku supola.

Ndiye thandizo loyamba ndi kuchotsa kukanikizako. Kuima ndi mapazi onse awiri, atatalikirana pang'ono. Mdzukulu kumubereka kumsana. Usiku kuika pilo kapena bulangete lopindapinda pakati pa mawondo, ndipo ngati akugona pamphasa, kuyalapo chinthu chochindikala. Ambiri amabwera atauzidwa kale ndi anzawo kuti azikokera bondo ku phewa la mbali ina kuti mtsempha umasuke. Pa vuto ili ndimaletsa zimenezo, chifukwa kukokako kumakanikiza pomwe pali bala pomwepo.

Kenako timayamba kubweza mphamvu, ndipo chida changa chachikulu ndi chitenje cha mwini wakeyo. Amagona chagada, pilo ali pansi pa mawondo, ine n'kumanga chitenjecho mozunguliza ntchafu zonse ziwiri, chapamwamba pang'ono pa mawondo. "Kankhirani kunja pang'onopang'ono, Amayi, koma miyendo isasunthe. Musagwire mpweya. Tiwerenge mpaka khumi." Zala zanga zimakhala m'mbali mwa thako kudikira kuti mnofu ulimbe. Poyamba umachedwa kuyankha, ndipo ntchito amailanda ndi minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imauma msanga. Ndikatero ndimati, "Chepetsani mphamvu, theka chabe," mpaka pansi pa zala zanga pakhuthale mofatsa. Ndimatenga dzanja lawo n'kuliika pomwepo kuti akamve okha, chifukwa kunyumba ine kulibe. Pakapita milungu ingapo timawonjezera: kunyamula matako m'mwamba atagona chagada, kudzuka pampando osagwira, mawondo osagwera mkati, kuyenda chammbali motsatira khoma, kenako kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde.

Apa m'pamene nkhope zimagwa. "Basi zomwezi, adokotala? Osandibayako ka jakisoni?" Funsoli sindilipeputsa. Munthu wadzuka m'bandakucha, walipira kabaza ndi minibasi, ndiye abwerere ndi chitenje chomwe anabwera nacho? Ndimawafotokozera za kafukufuku amene anachitika ku Australia ndipo anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2018. Anthu 204 a vuto lomweli anagawidwa patatu: ena anaphunzitsidwa ndi kuchita mafizo kwa milungu isanu ndi itatu, ena anabayidwa jakisoni wa steroid, ena anangouzidwa kudikira. Milunguyo itatha, komanso patatha chaka chathunthu, onena kuti apeza bwino anachuluka m'gulu la mafizo kuposa la jakisoni. Kutikita minofu ndi kuthowa ndi madzi otentha sindiletsa, zimatonthoza ndithu. Koma sizipatsa mnofu mphamvu, ndipo ndikamangotikita munthu mwezi ndi mwezi ndiye kuti ndikumudyera ndalama ya thiransipoti.

Nyamakazi ya m'nyung'unyu imabwera mwakachetechete. Bambo wina wachikulire anayamba kuizindikira pokwera njinga: mwendo unkakana kudumpha chishalo. Kenako kunjuta m'chimbudzi kunayamba kuvuta, ndipo zikhadabo za kuphazi ankachita kuwawenga ndi ana. M'mawa ankadzuka ali owuma, koma akayendayenda kwa mphindi zosapitirira makumi atatu ankamasuka. Poyeza, ndimagoneka munthu chagada, n'kupinda bondo ndi nyung'unyu, kenako n'kupotoza ntchafu cha mkati. Mwendo wabwino umazungulira mofewa. Wa nyamakazi umaima msanga, ndipo ululu umabaya m'mphechepeche.

Bambowa anabwera ndi X-ray m'manja, mawu ali akuti, "Akuti mafupa anga atha." Sindinawanamize. Kachikuto koterera kaja kakaperepeseka sikameranso, ndipo palibe mafizo amene angakabwezeretse. Koma chithunzi ndi ululu siziyendera limodzi nthawi zonse. Alipo a chithunzi choopsa amene akulima bwinobwino, aliponso a chithunzi chooneka bwino amene sakugona. Chimene ndimaopa kuposa chithunzicho ndi ana achikondi amene amati, "Bambo, ingokhalani, musamagwire kanthu." Akakhala miyezi itatu pakhonde minofu imafota, nyung'unyu imaumiratu, ndipo ululu umakula. Ine ndinawauza bambo aja kuti njinga asaisiye, azingoipendeketsa pokwera ndi kukweza chishalo pang'ono. Kumunda azipita, ndi khasu la mpini wautali, ndipo kupalira ndi kubandira azikugawa m'zigawo, osati kufuna kumaliza ndime yonse m'mawa umodzi. Muyeso wake ndi wosavuta kukumbukira: ululu wapakatikati pogwira ntchito si tchimo, malinga ngati kukacha wabwerera pamene unali. Ukagonera mpaka mawa lake, ndiye kuti dzulo anapyoza.

Za ndodo timakangana ndi abambo ambiri, poti amati ndi ya nkhalamba. Ovomera nawonso amaigwirira mbali ya mwendo wodwala. Iyenera kukhala m'dzanja la mbali inayo, n'kumatsika pansi nthawi imodzi ndi mwendo wowawawo. Ikatero imathandiza mnofu wa m'mbali uja kugwira chiuno, mnofuwo sukoka kwambiri, ndipo nyung'unyu imapepukidwa. Utali wake ufike pamene dzanja limapindikira, pomwe timavala wotchi, munthu ataima chilili mikono ili lende.

Ndimafunsanso za mapiritsi, chifukwa pafupifupi aliyense amakhala ndi Indocid, Brufen kapena diclofenac wogula pa golosale. Ena amamwa mitundu iwiri nthawi imodzi, m'mimba mulibe kanthu, kwa miyezi. Mankhwalawa amachepetsa ululu, koma akamwedwa motero amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa achikulire ndi a BP. Ndikaona mphini zatsopano pantchafu sindikalipa. Zimangondiuza kuti munthuyu wavutika nthawi yaitali ndipo wayesa kwina konse.

Mbali yolemera ya ntchitoyi ndi kudziwa wodwala amene si wanga. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka za m'ma 20 kapena 30 akamatsimphina ndi ululu wa m'mphechepeche, nyung'unyu ikukana kuzungulira, ndimafunsa za sickle cell, za mankhwala a steroid monga prednisolone, za mowa, ndi za HIV. Zonsezi zimagwirizana ndi vuto limene magazi amaleka kufika ku mutu wa fupa, fupalo n'kufa, kenako n'kuphwanyika. Kuno si lachilendo. M'kaundula wa maopaleshoni oika nyung'unyu yochita kupanga, amene anakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2005, vutoli linapezeka kuti ndi limodzi mwa zifukwa zazikulu zochitira opaleshoniyo. Woteroyo ndimamupatsa ndodo ziwiri ndi kalata yopita kwa madokotala a mafupa. Ululu wosaleka ngakhale munthu atagona phee, wophatikizana ndi kuonda ndi thukuta la usiku, umandikumbutsa kuti TB imalowanso m'mafupa. Mwana wotentha thupi amene akukana kuponda, akulira mukangomugwedeza mwendo, ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya m'nyung'unyu amawononga m'masiku ochepa. Wachinyamata wongotha msinkhu akamatsimphina n'kumadandaula bondo, ndimayeza nyung'unyu kaye, poti ululu wake umatha kukamvekera kubondo. Ndipo agogo amene aterereka kubafa, mwendo n'kufupika, phazi litagwera kunja, si othowa ayi. Fupa lathyoka.

Agogo oterewa ndimakakumana nawo kuwodi. Maopaleshoni a mafupa akuchitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2023. Komabe ambiri, makamaka m'zipatala za m'maboma, amagona milungu ingapo mwendo ukukokedwa ndi cholemera. Pamenepo chimene chimapha kawirikawiri si fupa, koma chibayo, zilonda za pamsana ndi magazi oundana m'mitsempha. Ndiye timapumitsa agogo mpweya wakuya, kuwagwedezetsa mapazi, kulimbitsa ntchafu, ndi kuphunzitsa gadiyani kuyang'ana khungu la pamatako ndi pa chidendene tsiku lililonse.

A mafizo tilipo ochepa. Digiri ya ntchitoyi inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ntchito yambiri m'maboma yakhala ikugwiridwa ndi anzathu ophunzira ku Kachere ku Blantyre. Wodwala wochokera kutali sindingamuone kawiri pa sabata monga mabuku amafunira. Ndikachita mwayi amabwera kamodzi pa mwezi. N'chifukwa chake sindipereka zochita khumi. Ndimapereka zitatu, ndipo sachoka asanandionetse zonse popanda ine kumukumbutsa. Gadiyani akakhala ndi foni yojambula, ndimamupempha ajambule wodwalayo akuchita, mawu anga akumveka.

Amene aikidwa nyung'unyu yochita kupanga amafuna kuti ndidziwe nyumba yawo ngakhale sindinafikeko. Pa milungu yoyambirira madokotala ambiri amaletsa kupinda nyung'unyu kwambiri, kuopa kuti ingaguluke. Malangizo amenewa analembedwa poganizira munthu wa bedi lalitali ndi chimbudzi chokhalira. Wodwala wanga amagona pamphasa, amaphika atakhala pa kampando kafupi, ndipo chimbudzi chake ndi chokumba. Choncho asanatuluke ndimafunsa chimodzichimodzi: mugona pati, musamba bwanji, kuchimbudzi kuli mtunda wotani, njira yake ndi yoterera? Bedi lalifupi timalikweza ndi njerwa. Za kuchimbudzi ndimatuma achibale kwa kalipentala kuti akhome mpando wamphamvu, wa bowo pakati ndi zogwirira m'mbali, woika pamwamba pa dzenje. Muyeso ndimautenga ndekha ndi chingwe, kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo la wodwalayo, n'kuwonjezera zala zinayi, kuti akakhala chiuno chikhale pamwamba kuposa mawondo. Chingwecho ndimachidula n'kupatsa gadiyani kuti apite nacho kwa kalipentala, mpandowo ukhale utatha wodwala asanafike kunyumba.