Dinosaur pa bolodi ku Kanyama

Nthawi isanakwane 7 koloko, bwalo la sukulu ina ya boma ku Kanyama, mu Lusaka, ladzaza kale. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, desiki ya ana awiri imasenza anayi, otsala n'kukhala pansi, ndipo sukulu imalowa kawiri: gulu lam'mawa ndi lamasana.

M'kalasi ya Grade 7, mphunzitsi wa sayansi akujambula chinyama cha khosi lalitali. Asanafike kumchira, ana akuwa kale kuti "Dinosaur!" Amachidziwa kuchokera m'mafilimu a pa foni, ndipo onse amati kwawo n'ku America.

"Iyi ndi ya aneba athu," atero mphunzitsi. Ndi Malawisaurus, yomwe mafupa ake anafukulidwa ku Karonga, m'Malawi. Zambia nayo ili ndi zake: kumtunda kwa chigwa cha Luangwa kunapezeka Lutungutali, msuweni wa ma dinosaur wa zaka zoposa 200 miliyoni, amene akatswiri anamutcha dzinali mu 2013. Pa msewu wa ku Chirundu pali mitengo yathunthu yomwe inasanduka miyala.

Kufotokoza mmene fupa limasandukira mwala sikuvuta kuno, chifukwa mwana wa ku Kanyama sasowa womuuza za matope. Chaka chilichonse dzinja limamiza njira ndi makomo. Nyama ikafa, matope n'kuikwirira msanga isanaole yonse, madzi a pansi amalowetsa mchere wa m'nthaka m'timabowo ta fupa, pang'onopang'ono, mpaka fupalo liuma gwa ngati thanthwe.

Pa buleki zonsezi zaiwalika. Kugeti kuli vitumbuwa ndi chinangwa chokazinga.

Masana magulu awiri akupanikizana pakhomo, ena kutuluka, ena kulowa. Mnyamata wina wa gulu lam'mawa wathamangira kwawo n'kubwerako ndi mwala woyera wotuwirako, wochokera pa mulu umene amayi ake amaphwanya ndi nyundo n'kugulitsa pa wilibala kwa omanga nyumba.

"Ba teacher, muli fupa umu?"

Mphunzitsi autembenuza, aupala ndi kiyi. Mulibe, ndipo simungakhale. Mwala wa laimu ngati uwu, umene mzinda wa Lusaka unamangidwapo, uli ndi zaka zoposa 500 miliyoni. Unaumbika nyama iliyonse isanaponde pamtunda. Mnyamatayo wakhumudwa. Kunena zoona, palibe yankho la tsikuli loposa limeneli, koma kwa mwana wofuna dzino la chilombo silikoma.

Gulu lamasana limapeza mphunzitsi atasasa mawu, malata atatentha. Mafunso awo ngolimba. Mtsikana wina afunsa chifukwa chake Nowa anasiya ma dinosaur kunja kwa chingalawa. Mphunzitsiyo, yemwenso amaimba kwaya Lamlungu, sakangana naye. Angolemba kuti ma dinosaur anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, kulibe munthu, kenako atchula chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, mu 1921.

"Tingakachione?"

Chenichenicho chili ku Natural History Museum, ku London. Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere.

"Nanga anabwereka kwa ndani?" afunsa wina kumbuyo, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Belu la 17 hours lilira mkangano uli mkati, ndipo amene anafika mochedwa apatsidwa matsache.