Lachinayi Loyera M'nyumba ya Okalamba ku England

M'nyumba zosamaliramo okalamba za ku England, tsiku la ntchito limayamba cha m'ma 8 koloko m'mawa, pamene amene achezera usiku amakhala pansi ndi olowa masana kuti awafotokozere mmene wokalamba aliyense wagonera, kusiyirana ntchito kumene eni ake amakutcha handover. Nyumba zoterezi si zipatala ayi, koma ndi malo amene achikulire omwe sangathenso kudzisambitsa, kudzidyetsa kapena kukhala okha amasamukirako mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo zambiri mwa izo ndi za makampani kapena mabungwe achifundo, osati za boma. Kwa munthu amene anakulira kumene agogo amadwazikidwa pakhomo ndi ana ndi adzukulu awo, dongosolo limeneli limaoneka lachilendo, komabe ntchito ya m'menemo ndi yomwe ija ya wodwazika matenda kumudzi, kungoti kuno imagwiridwa ndi olembedwa ntchito, ambiri mwa iwo amayi, ena ochokera ku Africa, ku Philippines ndi kum'mawa kwa Ulaya.

Pa 9 Epulo 2020, limene linali Lachinayi Loyera, tsiku limene akhristu amakumbukira kusambitsidwa mapazi kwa ophunzira, matchalitchi anali otseka ndipo dziko lonse linali litabindikira kuyambira pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa COVID-19. Kusiyirana ntchito kwa m'mawa umenewo m'nyumba ina ya m'tauni yaing'ono sikunali ngati kwa masiku onse, pakuti nkhani sinalinso ya amene wagona tulo tabwino kapena wakana mankhwala, koma ya amene watentha thupi, amene wayamba chifuwa, zipinda zimene zitseko zake ziyenera kukhala zotseka, ndi antchito angati amene sabwera. Lamulo linkati wodwala abindikire masiku 7 ndipo wokhala naye nyumba imodzi abindikire masiku 14, choncho manja anachepa pa nthawi yomwe ntchito inachuluka. Mipata inkatsekedwa ndi aganyu otumizidwa ndi makampani obwereketsa antchito, amene lero ali nyumba ino, mawa ali ina, ndipo kuyendayenda kumeneku kunadzadziwika pambuyo pake kuti kunathandiza kufalitsa kachilombo. Sichingakhale chilungamo kuwaloza chala anthu amenewa, chifukwa osamalira ambiri ankalandira ndalama zoyandikira malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, omwe anali £8.72 pa ola, ndipo amene wadwala n'kukhala pakhomo ankangodalira £95.85 pa sabata, pamene lendi ikudikira ndiponso, kwa obwera, abale kumudzi akuyembekeza kangachepe ka kumapeto kwa mwezi.

Ntchito yolemetsa kwambiri ndi ya m'mawa. Wokalamba aliyense ayenera kudzutsidwa, kupukutidwa thupi, kusinthidwa thewera ngati sathanso kudzigwira, kuvekedwa ndi kupatsidwa chakudya, ndipo amene sadzuka pabedi ayenera kutembenuzidwa pafupipafupi kuti asachite zilonda za pamsana ndi m'chiuno, zimene zimabwera thupi likapanikizika mbali imodzi kwa nthawi yaitali. Amene sangathe kuimirira amanyamulidwa ndi makina otchedwa hoist, omwe amakweza munthu atakhala m'nsalu yolimba, ndipo amafuna antchito awiri oima moyandikana. Boma linkalangiza anthu kutalikirana mamita 2, koma palibe amene angamwetse nkhalamba phala kapena kuimeta ndevu ali patali chotero. Apa ndi pamene panagona vuto lonse la mliriwu m'nyumba za okalamba: chisamaliro chenichenicho ndicho kuyandikira, kugwira ndi kupumirana mpweya, ndipo zimenezi n'zomwe zinasanduka njira ya matenda. Pakhomo pa chipinda cha aliyense wokayikiridwa, wosamalira ankavala epuloni ya pulasitiki, magolovesi ndi masiki, n'kuzivula potuluka motsatira ndondomeko kuti asadzipake kachilombo, koma masiki anali osowa, moti woyang'anira nyumba ankawerenga mabokosi otsala m'mawa uliwonse ngati mmene mayi amayang'anira ufa m'mwezi wa Febuluwale.

Ambiri mwa okhala m'nyumba zimenezi ali ndi dementia, matenda a ubongo amene pang'onopang'ono amalanda munthu chikumbukiro, mawu ndi kuzindikira malo, mpaka kuiwala nkhope za ana ake. Munthu wotere amadalira zinthu zochepa zimene zatsala zodziwika kwa iye, ndipo chachikulu mwa izo ndi nkhope ya amene amamusambitsa tsiku ndi tsiku. Nkhopeyo itaphimbidwa, mayi wina wokalamba amene kale ankamwetulira wosamalira wake akalowa, m'mawa umenewo anadzikokera kukhoma, kenaka anatambasula dzanja kuti achotse chinsalu chobisa pakamwacho, ndipo wosamalirayo anachita kugwada pambali pa bedi, kutchula dzina lake kangapo ndi kumugwira dzanja kudzera m'golovesi mpaka mantha atatha. Amene makutu anagontha, omwe ankamva poyang'ana milomo, anatsala opanda chowathandiza. Panalinso bambo wina amene matendawa ankamuyendetsa m'makonde tsiku lonse, ndipo kumuuza kuti akhale m'chipinda chake kunali kosathandiza, popeza pakatha mphindi zochepa anali ataiwala, pamene kumutsekera ndi kiyi kukanakhala kumulanda ufulu umene lamulo limauteteza.

Zizindikiro zimene boma linkalengeza panthawiyo zinali ziwiri, kutentha thupi ndi chifuwa chosalekeza, koma matupi a okalamba nthawi zambiri sadwala motsatira mabuku. Ena ankangosiya kudya, ena ankagwa, ena ankangogona, ndipo ena ankabalalika mutu mwadzidzidzi, vuto limene madokotala amalitcha delirium, lomwe limasiyana ndi dementia chifukwa limabwera m'maola kapena masiku ochepa ndipo limasonyeza kuti m'thupi muli matenda ena. Popeza zipangizo zoyezera kachilombo zinkapita kuzipatala, ndipo dokotala ankaona odwala pa foni kapena pa vidiyo, chida chodalirika chimene nyumbayo inali nacho chinali diso la wosamalira amene ankadziwa kuti mayi uyu sasiya tiyi m'kapu, ndipo lero wamusiya. Nzeru imeneyi silembedwa pa satifiketi iliyonse, ndipo dziko limene linkaika ntchitoyi m'gulu la ntchito zosafuna luso linali kudalira luso lomwelo kuti lidziwe amene wadwala.

Chakudya cha masana chinaperekedwa m'zipinda, chipinda chodyera chili chotseka, ndipo ntchito ya ola limodzi inatenga maola awiri.

Dzuwa litapendeka, ambulansi inaima pakhomo itanyamula wokalamba wotulutsidwa m'chipatala. Kuti izi zimveke, m'pofunika kudziwa kuti ku England chithandizo cha zipatala chili m'manja mwa bungwe la boma la zaumoyo la NHS ndipo n'chaulere, pamene chisamaliro cha okalamba chimayang'aniridwa ndi makhonsolo ndipo munthu amene ali ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha, kotero mbali ziwirizi zili ndi mabwana osiyana, thumba losiyana ndi ulemu wosiyana. Pa 17 Malichi zipatala zinalamulidwa kutulutsa msanga onse amene akanatha kutuluka kuti mabedi apezeke, ndipo malangizo a pa 2 Epulo ananena kuti sikunali kofunika kuti munthu ayambe wapezeka wopanda kachilombo asanalandiridwe m'nyumba ya okalamba. Bungwe la National Audit Office linapeza kuti anthu pafupifupi 25,000 anasamutsidwa motere pakati pa 17 Malichi ndi 15 Epulo, tsiku limene boma linalonjeza kuyeza onse otuluka. Pa 27 Epulo 2022 khoti lalikulu ku London linagamula kuti malangizowo anali osemphana ndi lamulo chifukwa sanaganizire zoti munthu wopanda zizindikiro angathe kupatsira ena. Koma madzulo a Lachinayi limenelo chigamulocho chinali kutali ndi zaka ziwiri, ndipo woyang'anira nyumba anangosankha chipinda cha kumapeto kwa khonde, n'kuuza antchito ake kuti mlendoyo asatuluke.

Nthawi yomweyo ndi imene abale ankabwera kudzaima panja pa windo, popeza zitseko zinali zotsekedwa kwa alendo, ndipo mwana wamkazi wa mayi wina anaika chikhatho chake pagalasi pamene mayi ake, osamvetsa chifukwa chimene sakulowera, ankamukodola kuti abwere. M'chipinda china munali bambo amene mpweya unali kumuthera, ndipo achibale ake anatsanzikana naye pa foni imene wosamalira anaigwirizira kukhutu kwake. Aliyense woleredwa m'mwambo wakuti munthu safa yekha, kuti pamafunika wachibale womutseka maso ndi anthu ogona pa siwa, angamvetse kulemera kwa zimene antchitowa anasenza, pakuti iwo ndiwo anakhala ana, adzukulu ndi anamfedwa nthawi imodzi, kenaka n'kusamba m'manja kupita kukamwetsa wina mankhwala m'chipinda chotsatira.

Cha m'ma 5 koloko, wailesi ya kanema ya m'chipinda chochezera, mmene munalibe munthu, inkaonetsa msonkhano wa boma wa tsiku ndi tsiku wa ku Downing Street, kumene nduna zinkalengeza chiwerengero cha omwalira. Chiwerengerocho chinali cha omwalirira m'zipatala, ndipo omwalirira m'nyumba za okalamba sanayambe kuphatikizidwamo mpaka pa 29 Epulo, kotero bambo wa m'chipinda chija akanamwalira usiku umenewo, sakanawerengedwa m'mawa mwake. Bungwe loyendera nyumbazi la Care Quality Commission linadzalengeza kuti kuyambira pa 10 Epulo 2020 mpaka pa 31 Malichi 2021 linalandira malipoti a imfa zoposa 39,000 zokhudzana ndi COVID-19 za anthu okhala m'nyumba za okalamba ku England.

Nthawi itakwana 8 koloko usiku, anthu a m'misewu yozungulira anatuluka pamakomo pawo kuomba m'manja ndi kumenya mapoto pothokoza ogwira ntchito zaumoyo ndi zachisamaliro, mwambo umene unayamba pa 26 Malichi ndipo ili linali Lachinayi lachitatu. Madzulo omwewo kunamveka kuti nduna yaikulu ya nthawiyo, Boris Johnson, watulutsidwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya pa chipatala cha St Thomas'. M'nyumba ya okalamba phokoso la mapoto linkamveka chapatali kudzera m'mawindo, koma nthawiyo inali ya kusiyirana ntchito, ndipo a masana, nkhope zawo zili ndi mizere ya zingwe za masiki, anali kuuza ochezera usiku kuti mlendo wa kumapeto kwa khonde wayamba kutsokomola, kuti bambo uja amene mpweya unali kumuthera asasiyidwe yekha, ndiponso kuti mayi wa tiyi uja sanadyenso chakudya chamadzulo.