Nkhuku m'khola la ng'ombe ku Mulanje

Inu a kunyanja amene munazolowera bwalo lalikulu la mchenga, mukafika ku Mulanje mudzadabwa ndi kuchepa kwa malo. Phiri lija mumayamba kuliona mukadali pa msewu wa Midima, nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, itabisala m'mitambo. Koma mukadutsa pa Chitakale kulowera ku Muloza, maso amangokumana ndi tiyi uku ndi uku. Tiyiyu anayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo maesiteti anatenga nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri. Anthu a m'midzi anatsala ndi timinda ting'onoting'ono, kotero nandolo, chinangwa ndi nthochi zimafika mpaka pakhonde.

Nanga munthu wofuna kuweta nkhuku amanga pati? Yankho tinalipeza pa khomo lina kufupi ndi Limbuli. Banjali linali ndi khola la malata la ng'ombe ziwiri za mkaka. Imodzi itagulitsidwa kuti ana apite ku sukulu, theka la khola linangokhala. Mayi a pakhomopo ndiwo anati denga lilipo kale, chatsala n'chitele basi.

Anazika mitengo ya bulugamu pa ngodya imodzi n'kukweza chitelecho ngati mita imodzi kuchokera pansi. Pansi pake anayala nsungwi zong'amba, zotalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwa, zikasakanizidwe ndi ndowe n'kupita ku dimba. Mbali yoyang'ana ng'ombe anaimata ndi dothi mpaka ku denga, ndipo apa tinawayamikira kwambiri, pakuti nkhuku ikazolowera kupalasa modyera ng'ombe imaipitsa chakudya chonse. Mbali yoyang'ana kunja anaika waya woti mpweya uzilowa, koma likongwe asalowe. Khomo nalonso analitsegulira kubwalo. M'kati muli mtanda wogonapo, malichero akutha oikiramo mazira, ndi phulusa lothamangitsa utitiri.

Kwa ife a kunyanja, nkhuku yogona mu mtengo wa mango si nkhani. Ku Mulanje n'kutaya chuma. Mvula ya kuno ndi yambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yozizira yochokera ku Mozambique, kamene kamatha anapiye m'masiku ochepa. Pansi pa denga la khola anapiye amakhala ouma, ndipo wakuba amaganiza kawiri asanalowe pamene mwini ng'ombe amagona khutu lili kunja. Zokweza chitele palibenso amene amafunsa chifukwa chake chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene madzi ndi matope zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba ndi ziweto.

Denga lokha siliteteza ku chitopa. Mayi aja amadonthezera nkhuku zawo katemera m'diso miyezi ingapo iliyonse, ndipo nkhuku yogula pa msika wa Limbuli amayamba aisunga payokha kwa masabata awiri. Ali ndi tambala wakuda wa Mikolongwe ndi misoti ya chikuda khumi.

Chimene anadandaula ndi chakudya. Madeya alipo, koma nsomba zoumitsa n'zodula kuno. Titawauza kuti kwathu zinyenyeswa za usipa zimangosesedwa pansi pa thandala, anagwira pakamwa, natipempha kuti ulendo wina tidzawatengereko thumba limodzi.