Galimoto ndinagula, koma mwini wake anali kumanda

Ntchito yanga ndi yopikula mbatatesi, masitiroberi ndi ndiwo zamasamba kwa alimi a pamwamba pa phiri la Zomba, n'kudzagulitsa mumsika waukulu ndi m'malo ogona alendo. Katundu wa kuphiri amatsika movutikira. Ena amasenza pamutu n'kutsetsereka ndi kanjira kaja amati Potato Path, ena amamanga panjinga. Ine ndinkachita hayala, ndipo phindu lambiri linkapita kwa eni galimoto. Ndinkasunga ndalama kuti ndiitanitse yanga ku Japan, idzere ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe monga amachitira anzathu. Maganizo amenewo anafa mu Novembala 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zomwe ndinasungazo zikanangothera msonkho wa MRA.

Patapita miyezi ingapo, dobadoba wina wa padepoti anandinong'oneza kuti ku Chinamwali kuli Nissan Vanette yoyera, ya nambala ya ZA, ndipo mwini wake akufuna ndalama mwachangu. Ndinapita ndi makaniko wanga. Analiza injini, anamvetsera, anagona chagada pansi pake, natuluka ali mafuta okhaokha n'kunena kuti giyabokosi ndi yabwinobwino. Pagalasi panali timapepala ta COF ndi inshuwalansi tosatha masiku. Nditafunsa za blue book, wogulitsayo anati, "Achimwene, ili ku Blantyre kwa mlongo wanga. Sabata yamawa ndikupatsirani pamanja." Tinang'amba pepala m'kope la mwana wasukulu, tinalemba mgwirizano, mboni ziwiri zinasaina. Ndalama zanga sizinakwane, choncho mayi a kunyumba anakatenga ngongole ku banki m'khonde.

Galimotoyo inagwira ntchito, zimenezo sindingakane. Inkakwera msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe popanda kutsokomola. Pamalodibuloko apolisi ankangoona timapepala tija n'kukweza dzanja. Koma sabata yamawa ija sinafike. Foni ya wogulitsayo inayamba kumangoitana, kenaka inasiyiratu kupezeka.

COF itatsala pang'ono kutha ndinapita ku ofesi ya Road Traffic, kalata yanga ili m'thumba la malaya. Mayi amene anandithandiza analemba nambala ya galimoto pakompyuta, nandiyang'ana.

"Bambo, mwini galimotoyi ndani?"

"Ndine, mayi."

Ananditembenuzira kompyutayo. Panali dzina lomwe sindinalimvepo, osati la amene anandigulitsa. Anawerenga kalata yanga mwaulemu, kenaka anati, "Pepalali likusonyeza kuti munapereka ndalama. Silikusonyeza kuti wolandirayo anali ndi mphamvu zogulitsa."

Chiyambire 2015, nkhani zonse za galimoto m'dziko muno zimasungidwa m'makina otchedwa MalTIS. Munthu amalembetsa, amamujambula, amamutenga zidindo za zala, n'kulandira Traffic Register Card, ndipo galimoto imamangiriridwa ku dzina lake. Kuti dzinalo lichoke n'kulowa lako, pafunika mwini wolembedwayo, blue book, komanso apolisi aone nambala ya chasisi ndi ya injini kuti atsimikize kuti si yakuba. Ine ndinalibe chilichonse mwa zimenezi. Mayiwo anandilangiza kuyambira kupolisi.

Kumeneko n'kumene miyendo inazizira. Galimotoyo inali kale m'mabuku awo: mayi wina wamasiye anadzadandaula kuti inatengedwa pakhomo pake. Makiyi anatsala patebulo. Wapolisi anandiuza mosabisa kuti kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu pawokha, ndipo munthu wa ku Zomba safunika kumulozera komwe kuli ndende yaikulu, timaidutsa tsiku ndi tsiku. Kapepala ka m'kope kaja, komwe sikanandipatse umwini, n'komwe kanandigonetsa kunyumba usiku umenewo, chifukwa mboni zija zinabwera n'kuvomera kuti ndinagula masana, anthu akuona.

Miyezi yotsatirayo sindikonda kuikumbukira. Galimoto ili pabwalo la polisi, udzu ukumera m'mbali mwa matayala, koma ngongole ikubereka chiwongoladzanja. Amayi a banki m'khonde ankabwera pakhomo n'kukhala pamkeka osalankhula zambiri, ndipo amene ankaweramitsa mutu ndi mkazi wanga, wosalakwa. Anagulitsa makina ake osokera. Ine ndinabwerera kosenza matumba, pa msinkhu umene mawondo ayamba kale kudandaula. Ndinkangoyendayenda ku Chinamwali ndi ku Matawale kusaka munthu uja, mtima uli wofuna kumugwira pakhosi.

Amene anandibweza ndi bambo wina wa kumphakati kwathu, mphunzitsi wopuma ntchito. Titatha mapemphero anandikokera pambali. "Mwana wanga, iwe ukuthamangitsa wakuba. Wayamba wapita kukaona wobedwayo?"

Ndinapita ndi bamboyo kumudzi wina cha ku Domasi. Ndinkayembekeza kutukwanidwa. Amayi aja anatiyalira mphasa, analowa m'nyumba, natuluka ndi jumbo ya shuga yomanga ndi mphira. M'katimo munali chikalata cha imfa ya amuna awo, malipoti a sukulu a ana, ndi blue book. Anafotokoza kuti mwambo wa maliro utangotha, mlamu wawo, mng'ono wa malemuwo, anatenga makiyi ati akaikonzetse kugalaja. Anafunsanso mapepala, koma iwo anati sakudziwa komwe ali. Jumboyo anaibisa m'thumba la chimanga.

"Bambo, ine sindikulimbana ndi inu," anatero. "Koma galimoto imeneyo ndi imene inkalipira fizi ya ana awa."

Kufikira tsiku limenelo ndinkadziona ngati ndine ndekha wolakwiridwa. Apo ndinaona kuti mtengo wotsika womwe ndinkanyadira unatsika chifukwa wogulitsayo sanakhetsepo thukuta. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Komabe m'midzi mwathu zikuchitikabe, ndipo galimoto ndiyo imayamba kusowa chifukwa ili ndi matayala. Ndikamva tsopano kuti "mapepala ali kwa mlongo wanga", ndimaganiza kuti mwina kwinakwake kuli mayi amene wawabisa dala.

Mlamu uja, amene ine ndinalephera kumupeza, abale ake ankadziwa komwe ali. Nkhani itafika ku Victim Support Unit, ankhoswe a mbali zonse ndi a mfumu anaitanidwa, ndipo iye anabwera atazyolika. Atamva kuti njira ina yotsala ndi khoti, anavomera kubweza. Ndalama zambiri anali atadya kale, koma anagulitsa puloti yake, ndipo zomwe zinapezekazo zinapita kwa amayi aja. Iwo anati alibe dalaivala ndiponso sangathe kusamala galimoto, bola ndalama. Tinagwirizana mtengo weniweni wa pamsika, ine ndizilipira chotsalacho pang'onopang'ono. Kunena zoona, ndinalipira koposa mmene ndikanalipirira ndikanagula kwa ogulitsa odziwika.

Panatsala mapepala. Poti mwini wolembedwa anali atamwalira, amayiwo anayenera kupeza kalata zowapatsa mphamvu zoyang'anira chuma cha malemu, ndipo zimenezi zinatenga nthawi. Zitatuluka, apolisi anapukuta dothi pa nambala ya chasisi, naiwerenga chilembo ndi chilembo moyerekeza ndi blue book. Zinafanana, ndipo msonkho wake unali wolipiridwa kale galimotoyo polowa m'dziko. Pabwalo lomwelo ndinacheza ndi bambo wina amene anagula yochokera ku South Africa, nambala ya chasisi itapalidwa n'kudindidwanso. Iye analibe mayi wamasiye woti akakambirane naye, ndipo pamene ine ndinkatulutsa yanga, yake inali pomwepo.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mphunzitsi uja, komanso chifukwa cha mtima wa mayi amene akanatha kungotenga galimoto yake n'kundisiya ndi ngongole, lamulo lili kumbali yake. Ndinagula batire yatsopano ndi matayala awiri, poti akalewo anali atang'aluka ndi dzuwa. Blue book ya m'dzina langa ili kwa mkazi wanga, ndipo wanena kuti sindiigwira mpaka nditamugulira makina ena. Za banki m'khonde tinamaliza. Ngongole ya amayi aja yatsala pang'ono: mwana wawo wamkulu amabwera kumapeto kwa mwezi kudzalandira, amalemba yekha m'kope, ine n'kusaina.