Masiku 120 amene wogula seva sauzidwa

Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza makompyuta a m'maofesi kuno ku Chadiza. Anthu olowa mu seva kudzera pa Remote Desktop akalephera kulowa, mawu awo amakhala amodzi: netiweki yavuta. Sindiwaimba mlandu. Dzinja likafika netiweki imadukadukadi, ndipo chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, moti anthu anazolowera kuti chilichonse chikaima, ndiye kuti ndi nsanja ya foni kapena magetsi. Koma ine ndikuti vuto lina lalikulu la Remote Desktop silichokera ku mawaya kapena ku mvula. Limabadwa tsiku lomwe seva ikugulidwa, pamene wina asankha kusalemba mtengo wa malaisensi pa kotesheni, ndipo limabisala miyezi inayi lisanaonekere.

Kulizindikira n'kosavuta ngati mmisiri adekha. Netiweki ikakhala yakufa, kompyuta imayesa kulumikiza mpaka kutopa, n'kunena kuti seva siyikupezeka. Laisensi ikakhala yovuta, zimayenda mwina: seva imayankha, imalandira dzina ndi pasiwedi, kenaka imakutulutsa ndi uthenga wonena kuti palibe seva ya malaisensi yoti ikupatse chilolezo. Uthenga umenewo wadutsa pa netiweki yomweyo imene tikuida, ndiye port 3389 ndi yotsegula, rauta ilibe mlandu. Chachiwiri chimene ndimachita ndi kulowa ndi lamulo la mstsc /admin. Windows Server imalola oyang'anira awiri kulowa nthawi imodzi popanda laisensi ya Remote Desktop, choncho ngati njira imeneyi yatseguka pamene akalaliki onse akukanidwa, nkhani yatha. Chotsala ndi kutsegula RD Licensing Diagnoser, imene imanena poyera chimene chasoweka.

Chiyambi chake n'chakuti ukaika Remote Desktop Session Host, Microsoft imakupatsa masiku 120 oti anthu azilowa mwaulere pamene ukukonza za malaisensi. Masikuwo akatha, aliyense wolowa amafunika RDS CAL, ya munthu kapena ya kompyuta, imene pa seva imalembedwa Per User kapena Per Device. Ngakhale malaisensi atagulidwa, pali malo angapo opunthwira. Seva ya malaisensi iyenera kuyamba yatsimikiziridwa kwa Microsoft, ndipo ubwino wake izi zimatheka ngakhale pa foni kapena pa kompyuta ina yokhala ndi intaneti. Mu Group Policy muyenera kulembedwa dzina la seva ya malaisensi ndi mtundu wa CAL, ndipo mtunduwo ufanane ndi umene unagulidwa. Maofesi aang'ono ambiri alibe Active Directory, amangoyenda pa workgroup, ndipo kumeneko yoyenera ndi Per Device. Palinso za zaka: CAL ya 2016 siyitsegula Windows Server 2019, ngakhale ya 2019 imatsegula seva ya 2016. Ofesi imene yasiya Windows Server 2012 R2, imene Microsoft inaleka kuisamalira mu Okutobala 2023, imadzidzimuka kuona kuti malaisensi ake akale sakugwiranso ntchito pa seva yatsopano.

Zonsezi ndi zaumisiri, koma muzu wake ndi wamalonda. Makotesheni atatu akafika pa tebulo, wopambana amakhala wotsika mtengo, ndipo njira yapafupi yotsitsira mtengo ndi kusiya malaisensi. Tsiku lopereka ntchito zonse zimayenda, aliyense alowa, mabwana asaina, woika seva alandira zake n'kubwerera ku Chipata kapena ku Lusaka. Seva yoikidwa kumayambiriro kwa Seputembala imatseka khomo chaka chikutha, mvula ili pakati, nthawi imene palibe angakayikire china kupatula netiweki. Ofesi imagula bandulo ina, imasintha simu, mwina imagula rauta yatsopano, malipoti a kutha kwa mwezi akuchedwa. Ndiye ndimati mmisiri woika Session Host osatchula za masiku 120 wagulitsa chinthu chodziwa kuti chidzaima, ndipo wachisiyira anthu amene alibe njira yodziwira chifukwa chake.

Anzanga ena amati bwanji kudzivuta, pamene mu registry muli kiyi yotchedwa GracePeriod imene ukaifufuta masiku amayambiranso. N'zoona kuti zimatheka, ndipo ndikumvetsa chimene chimawakopa pamene ofesi yonse yaima ikuyang'ana iwo. Koma kuteroko ndi kuswa pangano la laisensi, ndipo wolakwa pamapepala amakhala mwini ofesi, amene nthawi zambiri sanauzidwe n'komwe. Komanso sikuchiza kanthu. Pakatha miyezi ina inayi khomo litsekanso, ndipo ofesi yamangiriridwa kwa munthu mmodzi wodziwa chinsinsicho. Akasamuka kapena akadwala, wobwera pambuyo pake ayamba kufufuza kuchokera pa rauta. Ena amati tiike AnyDesk kapena TeamViewer. Mapulogalamu amenewa ndi abwino pothandiza munthu mmodzi pa kompyuta imodzi, koma si ntchito imodzi ndi ya Session Host, imene imapatsa anthu ambiri aliyense malo akeake pa seva imodzi. Ndiponso ulere wawo ndi wa munthu payekha, ofesi imayenera kulipira, ndipo kawirikawiri amadalira intaneti ngakhale makompyuta awiriwo ali m'nyumba imodzi, pamene Remote Desktop imayenda pa mawaya a mkati intaneti itaduka.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha ndalama, ndipo sindichipeputsa. Mtengo wa malaisensi umatsata dola, pamene ofesi ya kuboma kuno imalandira makwacha owerengeka. Koma yankho lake ndi kuwerenga bwino musanagule. Kodi ndi anthu angati amene amafunikadi kulowa mu seva? Kumene anthu asanu ndi mmodzi amasinthana pa makompyuta awiri, ma CAL awiri a Per Device akwanira. Kumene wolowa ndi woyang'anira yekha pokonza zinthu, Session Host siyifunika n'komwe, zolowera ziwiri zaulere zija n'zokwana. Ndipo nthawi zina, ukamvetsera bwino ntchito ya ofesiyo, umapeza kuti chimene akufuna ndi foda imodzi yogawana, osati Remote Desktop. Ngati pambuyo pa zonsezi ndalama za malaisensi palibe lero, mwini ofesi auzidwe ndipo asankhe yekha. Ine pa kotesheni ndimaika malaisensi pa mzere wakewake, ndipo pa pepala lopereka ntchito ndimalemba tsiku limene Session Host inaikidwa, tsiku limene masiku 120 adzathe, mtundu wa CAL ndi chiwerengero chake, kuti wosunga ndalama alowetse mu bajeti mwezi wachinayi usanafike.